Solver ya mu Excel powerengera kukula kwa mulu pamene katundu wina akubwerera kukakonzedwanso

Solver, chida chofufuzira nambala yopereka zotsatira zabwino kwambiri pa masamu amene mwalemba, imabwera pamodzi ndi Excel, koma siioneka mpaka mutaiyatsa: File, Options, Add-ins, Go, n'kuchonga Solver Add-in, ikatero imapezeka pa Data. Anaipanga ndi a Frontline Systems. Taiyesa pa funso lomwe limavuta oyang'anira mafakitale: makina akayatsidwa, apange zinthu zingati pa ulendo umodzi (ndiwo mulu) ngati zina zimatuluka zolakwika ndipo ziyenera kudutsanso pa makina omwewo?

Manambala oyesera ndi awa. Ogula amafuna zinthu 12,000 pa chaka, makina amatha kupanga 48,000, kukonzekeretsa makina ulendo uliwonse kumadya 400, ndipo kusunga chinthu chimodzi chaka chonse kumadya 2, kaya ndalama zake n'zamtundu wanji. Pakapanda zolakwika, fomula ya EPQ (Economic Production Quantity, yowerengera mulu wotsika mtengo kwambiri), yochokera pa masamu a Ford W. Harris a 1913, imapereka mulu wa 2,530. Solver inapeza yankho lomweli m'kanthawi kochepa pogwiritsa ntchito GRG Nonlinear, imodzi mwa njira zake zofufuzira yankho, selo yosinthidwa (ya kukula kwa mulu) ili imodzi, cholinga chili kuchepetsa ndalama zonse za chaka.

Kenako tinaika zolakwika 10 pa 100 zilizonse, zokonzedwanso mulu ukangotha, pa liwiro lomwelo la makina. Tikawerengera kusunga zabwino zokha, yankho linakwera kufika pafupifupi 2,578. Titaika 20 pa 100, linangofika cha m'ma 2,640. Koma zolakwikazo sizidikirira mumlengalenga. Zimakhala m'bokosi pambali pa makina, ndipo ndalama zalowamo kale. Tikaziika mtengo wosungira wofanana ndi wa zabwino, yankho limabwerera ndendende pa 2,530. Solver siilakwa apa, koma siikuuzaninso kuti mwaiwala mzere umenewu. Imangoyankha zimene mwailembera.

Chomwe ambiri sachiona n'chakuti ndalama zokonzeranso sizisintha ndi kukula kwa mulu. Zinthu 1,200 pa chaka zidzakonzedwabe, kaya mwapanga milu isanu kapena khumi. Chimodzi chikamadya 3, zonse ndi 3,600, pafupifupi ofanana ndi 3,795 a kukonzekeretsa ndi kusunga pamodzi. Ndipo mukaphonya mulu woyenera n'kuupitirira ndi 20 pa 100, ndalama za kukonzekeretsa ndi kusunga zimakwera ndi zosakwana 2 pa 100. Choncho ngati katundu wanu ndi wamtundu umodzi, Solver n'njosafunika kwenikweni: fomula mu selo imodzi ikwanira.

Phindu la Solver limaoneka mitundu ingapo ya katundu ikamalimbirana makina amodzi. Mumapatsa mtundu uliwonse selo yake, n'kuika malire akuti maola opangira, okonzeranso ndi okonzekeretsa asapitirire maola omwe makina alipo. M'chitsanzo chathu kukonzanso kumakweza ntchito ya makina kuchoka pa 25 kufika pa 27.5 pa 100 za chaka, ndipo ngati kumachedwa kawiri, n'kufika pa 30. Makina akakhala odzaza kale, kagawo kameneka ndi kamene kamakakamiza milu kukula kuti maulendo okonzekeretsa achepe. Zimenezi fomula wamba singazithe. Musaiwalenso malire akuti zabwino zotuluka pa ola ziposa zomwe ogula akutenga pa ola; mukawasiya, masamu amaoneka bwino pomwe katundu watha pakati pa mulu.

Zovuta zake zilipo ndithu. Selo yosinthidwa mukaisiya pa 0, fomula imagawa ndi 0, pamatuluka #DIV/0! ndipo Solver imaima. Yambani ndi nambala ya EPQ, ndipo ikani malire apansi, mwachitsanzo 1. Mukafuna kuti mulu ukhale wa mabokosi athunthu, musaike ROUNDUP kapena IF mu fomula, chifukwa GRG Nonlinear imafuna masamu osalala ndipo imaima pamalo olakwika, uku ikunena kuti yapeza yankho. Pangani chiwerengero cha mabokosi kukhala selo yosinthidwa, muchiike malire a int, oti chikhale nambala yathunthu. Mukatero tsitsani Integer Optimality, mlingo wa kuphonya umene Solver imalolera, kuchoka pa 1% kufika pa 0, popeza mayankho ambiri amayandikana mtengo ndipo imakhutira msanga. Njira ina ya Solver, ya Evolutionary, imapirira IF, koma imachedwa, imafuna malire apansi ndi apamwamba pa selo iliyonse, ndipo kawiri kotsatizana ikhoza kupereka mayankho osiyana pang'ono.

Chotikhumudwitsa kwambiri n'chakuti Solver imatenga kuchuluka kwa zolakwika ngati nambala yokhazikika, pomwe pa makina lero zikhoza kukhala 4 pa 100 mawa 15, makamaka chida chikayamba kutha. Muyenera kuiyendetsa katatu kapena kanayi ndi manambala osiyana n'kuyerekeza nokha. Komanso mukasintha nambala iliyonse, yankho lakale limangokhala pomwepo mpaka mutadinanso Solve, ndipo n'kosavuta kutumiza nambala yadzulo kwa oyendetsa makina.

Malire a Solver ndi maselo osinthidwa 200, okwanira fakitale yaing'ono kapena mzere umodzi wa makina. Kwa amene ali ndi mitundu iwiri mpaka makumi angapo pa makina amodzi, ndipo akulemba zolakwika za mulu uliwonse, ndi chida chabwino. Amene alibe kaundula wa zolakwika ayambe wausunga kwa milu 20 kapena kuposa asanatsegule Solver.