Oxford Learner's Dictionaries inandithandiza kusiyanitsa glide ndi slip

Ndinkalemba m'Chingerezi za mtsikana wina wovina amene ndinamuonera pavidiyo. Ankayenda myaa pabwalo, moti mapazi ake sankaoneka kuti akuponda pansi. Mawu ofotokozera kayendedwe kameneka anandithawa, ndiye ndinatsegula kapulogalamu kena ka pafoni kamene kamangondandalika mawu ofanana tanthauzo. Kanandipatsa glide, slide, slip, skid, drift ndi float pamzere umodzi, ngati kuti onsewa ndi ana a mimba imodzi. Ndinasankha slip chifukwa anamveka bwino m'khutu, n'kulemba kuti "she slipped on the stage". Mnzanga amene amandiwerengera zolemba zanga anandifunsa modandaula ngati mtsikanayo anavulala. Zinandipweteka mtima, chifukwa ndinkafuna kumutamanda wovinayo koma chiganizo changa chinamugwetsa pansi.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikugwiritsa ntchito webusaiti ya Oxford Learner's Dictionaries, ndipo patha miyezi inayi tsopano. Mtanthauziramawu amene ali pamenepo anachokera ku ntchito ya A. S. Hornby, mphunzitsi wa Chingerezi amene anaphunzitsa ku Japan, ndipo Oxford University Press inamusindikiza mu 1948. Mbiri imeneyi ikusonyeza chifukwa chake amandigwira mtima. Analembedwera ife amene Chingerezi tinachipeza kusukulu, amene sitingadalire khutu lokha kuti tidziwe ngati mawu akhala pamalo pake.

Ndinayamba ndi glide. Tanthauzo lake lili ndi mfundo zitatu zimene kandandanda kaja sikanandiuze: kuyenda mosalala, mwakachetechete, komanso mooneka ngati sukuvutika n'komwe. Taganizirani chiwombankhanga chitatambasula mapiko m'mwamba, osakupiza ngakhale kamodzi, mphepo ikuchinyamula. Ameneyo ndiye glide. N'chifukwa chake ndege yopanda injini amaitcha glider, ngati zija ankauluka nazo Otto Lilienthal ku Germany asanamwalire mu 1896. Wovina wanga uja ankafunika mneni ameneyu.

Slide ndi kutsetsereka pamwamba pa chinthu chosalala, ndipo chinthucho umakhala ukuchikhudza ulendo wonse. Mwana amachita slide pa katsetserekero ka pabwalo losewerera, chitseko chagalasi chimachita slide m'kanjira kake. Slip ndi kuterereka mwangozi mpaka kugwa kapena kutsala pang'ono kugwa, ndipo apa ndi pomwe ndinapunthwira. Komabe slip ali ndi nkhope ina imene ndinaikonda: "he slipped out of the room" akutanthauza kuti munthuyo anazemba, anatuluka popanda womuona. Ndiye vuto la chiganizo changa silinali mneni yekha, kamawu kakang'ono kotsatira kanathandizira. Slip on ndi ngozi, slip out ndi kuzemba. Webusaitiyi imaonetsa timawu totsatira timeneti poyera pa tanthauzo lililonse, kenako n'kupereka ziganizo zachitsanzo, ndipo kwa ine apa ndi pamene pagona mphamvu yake yonse. Skid ndi wa galimoto imene matayala asiya kugwira msewu, palibe chokoma pamenepo.

Chinanso chimene chinandipulumutsa ndi gawo loonetsa mmene mneni amasinthira ndi nthawi. Glide ndi slide amamveka ngati mapasa, ndipo onse anachokera ku Chingerezi chakalekale, koma pa nthawi yapitayi amasiyana njira: glide amakhala glided, slide amakhala slid. Ine ndinali nditalembapo slided kangapo osadziwa.

Aneni a pamadzi ndiwo anandichedwetsa kwambiri, mwina chifukwa m'Chichewa kuyandama kumakwanira zambiri. Float ndi kuyandama kwenikweniko, kukhala pamwamba osamira. Drift ndi kutengeka ndi madzi kapena mphepo popanda wowongolera, ngati bwato limene nkhafi yatayika. Mukanena za munthu kuti "he drifted from job to job", mukumunena kuti alibe cholinga, akungotengeka. Mwaona kuti kuyenda mosavutika sikuti nthawi zonse ndi chitamando? Coast ndi chimodzimodzi. Ndi kutsika mtunda panjinga utasiya kupalasa, koma akanenedwa za wophunzira kapena wantchito, nthawi zambiri amakhala akumudzudzula kuti akungodalira liwiro lakale, sakuikapo khama. Mtanthauziramawuyu amaika chizindikiro pa mawu odzudzula ndi pa mawu ongochezera, ndipo ndaphunzira kuyang'ana chizindikirocho ndisanawerenge china chilichonse. Sail through ndi breeze through amanena za kukhoza mayeso kapena kumaliza ntchito mosatuluka thukuta, ndipo mumatha kumuuza mnzanu pomuyamikira.

Pali kagawo ka chiyambi cha mawu kamene ambiri amangokadumpha. Ine ndimakatsegula nthawi zonse, chifukwa mawu ukadziwa kwawo suwaiwala msanga. Skim anayamba ndi kuyengula zoyandama pamwamba pa zamadzimadzi, ndiye n'zomveka kuti mbalame youluka chokhudza pamwamba pa madzi ikuchita skim, ndipo munthu wowerenga mothamanga, wongotola zapamwamba, nayenso akuchita skim. Cruise akuoneka kuti anachokera ku mawu a Chidatchi otanthauza kudutsa, ndipo lero amanena za sitima, ndege kapena galimoto yoyenda pa liwiro limodzi losasintha.

Katchulidwe mumakamva kawiri, ka ku Britain ndi ka ku America, pongodina kachizindikiro. Ndinabwereza coast ndi cost mwina kakhumi mpaka lilime linazolowera kusiyanitsa.

Dziwani kuti zonse pamenepo zili m'Chingerezi chokhachokha. Matanthauzo amalembedwa m'mawu osavuta, komabe amene akungoyamba kumene adzafunika womuthandiza pambali. Komanso muyenera kukhala ndi mneni woyambira m'mutu, chifukwa mtanthauziramawu amakuyankhani pa mawu amene mwamufunsa. Pachifukwa chimenechi kandandanda ka mawu ofanana kaja sindinakafufute pafoni. Ndimakagwiritsa ntchito pondikumbutsa mawu amene alipo, kenako lililonse ndimapita nalo ku Oxford kukaliyeza ndisanaliike m'chiganizo. Zimatenga mphindi zisanu kapena khumi pa liwu limodzi, ndipo sindidandaula nazo.

Nkhani ya wovina uja ndinailembanso. Pano ikuti "she glided across the stage", ndipo mnzanga atawerenga anandipempha kuti ndimutumizire vidiyoyo aone yekha.