Benchi la nsinjiro ndi usipa mumsika wa Bvumbwe

Mumsika wa Bvumbwe, chakomwe amagulitsa nsomba zouma, muli mayi wina wa benchi la usipa, mtedza, nsinjiro ndi mafuta ophikira. Ndimagula kwa iwowa chiyambireni mpongozi wanga kupita kusikelo.

Nsinjiro zawo n'zodalirika. Mtedza amaupeta pa lichero iwe ukuona, kenako amatola umodziumodzi kuchotsa wofota, wobooka ndi wachuku. Zimenezi n'zimene zinandikoka, chifukwa chuku cha mtedza chimakhala ndi poizoni wotchedwa aflatoxin, ndipo kuphika sikumuthetsa. Ukathira nsinjirozi mu nkhwani, msuzi wake umagwira bwino, fungo lake la mtedza watsopano.

Usipa wawo ndi wouma bwino, wowala, ulibe mchenga. Mulu wake ndi wocheperako poyerekeza ndi anzawo, koma sindidandaula. Nsomba zili ndi mafuta a omega-3, makamaka DHA, amene amamanga ubongo ndi maso a mwana, ndipo mwanayo amawatenga kwa mayi ake kwambiri m'miyezi itatu yomaliza ya pakati. Akabadwa, pafupifupi theka la mphamvu za mkaka wa m'mawere limachokera ku mafuta, ndipo mtundu wa mafutawo umatengera zimene mayi akudya. Ofufuza atadyetsa makoswe aakazi zakudya zonona kwambiri asanatenge bere ndiponso ali ndi bere, ana awo anakula onenepa, chiwindi chodzaza mafuta, thupi likuvutika kuwongolera shuga. N'zoona kuti zimenezi anaziona pa nyama, komabe kwa ine n'zokwanira kuti tchipisi cha pachiwaya, chokazingidwa m'mafuta obwerezabwereza mpaka kuda, chisakhale chakudya cha tsiku ndi tsiku cha mpongozi wanga.

Chimene sindigula pabenchipa ndi mafuta ophikira. Ndi oyeza, ali m'mabotolo akale opanda chizindikiro, ndipo amakhala padzuwa tsiku lonse. Lamulo la dziko lino limafuna kuti mafuta ophikira akhale ndi vitamini A, koma dzuwa limamuwononga. Ndinawauza kuti, "Mayi, mafutawa muziika pamthunzi." Anandiyankha mwaulemu kuti malo awachepera, ndipo mpaka pano mabotolo adakali pompo.

Ndiye mafuta ndimakagula kugolosale, a botolo lomata. Mapeyala, nyengo yake ikafika, timangothyola pakhomo. Koma mtedza, nsinjiro ndi usipa, amene muli ndi woyembekezera kapena woyamwitsa pakhomo kagulireni pamenepa, ndipo pitani m'mawa nsinjiro zikadali zongosinja kumene.