Mphika wakumudzi ndi mbale zonyezimira: chiti cha ntchito iti?

Kunyumba kwanga ku Chilenje mu Lusaka kuli ziwiya zadongo za mitundu iwiri, ndipo alendo amayamikira zonyezimira zokha. Ine mtima wanga uli pa mphika wakuda ndi mtsuko zimene amayi ananditengera kuchokera ku Katete.

Mtsukowo unandionetsa ntchito yake mu 2024, madzi atachepa kudamu la magetsi la Kariba, magetsi akuzima pafupifupi tsiku lonse. Furiji inasanduka kabati, koma madzi a mumtsuko anali ozizira ngakhale mu October. Dongo lootchedwa ndi nkhuni pabwalo silifika pa madigiri 1,000, choncho limatsala ndi timabowo tosaoneka. Madzi amatuluka ngati thukuta, akamauma kunjako n'kumaziziritsa am'katiwo. Mtsuko wokutidwa ndi glaze, utoto wonga galasi umene umanyezimiritsa zoumba, sungachite zimenezi, ukongole bwanji.

Pambaula mphika wakumudzi ndiye mwini bwalo. Umachedwa kutentha, koma ukagwira moto nyemba za kabulangeti zimabwata pang'onopang'ono mpaka msuzi kulemera, makala atatsala phulusa lokha. Zovuta zake zilipo ndithu. Umamwa mafuta ndi fungo, moti ukaphikamo kapenta lero, mawa nyemba zidzanunkha kapenta. Sopo nayenso amalowerera, n'chifukwa chake ndimatsuka ndi madzi otentha basi. Watsopano ndimayamba ndaphikamo phala la gaga, monga amachitira agogo, kuti timabowo titsekeke.

Mbale ndi makapu zootchedwa mung'anjo pa madigiri opitirira 1,200 n'zolimba, sizimwa kanthu, ndipo patebulo zilibe mnzake. Nsima yoyera pambale yabuluu imaitana njala. Koma musazitenthe pamakala, zimang'aluka. Komanso madzi athu a m'zitsime za mu Lusaka ali ndi laimu wambiri, amasiya zoyerayera pa makapu akuda ngati simunapukute msanga. Funsaninso woumba ngati glaze yakeyo ilibe mtovu wa lead, chifukwa tomato ndi mandimu zimatha kuusungunulira m'chakudya.

Pali tiziwiya tina tokongola kwambiri, topakidwa penti titapsa kale. Ndinagulapo kamodzi m'mbali mwa msewu, n'kuthiramo thobwa. M'mawa penti inali itayamba kukanuka pamilomo. Timeneto n'tapashelefu, muikemo maluwa ouma.

Mukapita kokaona zoumba, kaya ku Kabwata Cultural Village kaya kumsika wina, musamangodyerera maso. Gogodani ndi chala: chopsa bwino chimalira ngwee, chokhala ndi mng'alu chimalira mogontha. Chiikeni pansi muone ngati sichikugwedera. Kapu, lowetsani zala m'chogwirira, chifukwa ina ili kwathu yokongola ngati dzira la nkhanga, koma chogwirira chake chimangolowa chala chimodzi, ndipo tiyi akakhala wotentha palibe amene amaifuna.