Miyezi 10 tikugwiritsa ntchito OpenMRS pa kachipatala kathu ku Kasungu

Tinaika OpenMRS, pulogalamu ya pakompyuta yosungira mbiri ya odwala, mvula itangoyamba, ndipo pano patha miyezi 10. Pulogalamuyi ndi yaulere, anaiyambitsa mu 2004 a Regenstrief Institute ndi a Partners In Health. Kwathu ili pa kompyuta imodzi ya Ubuntu yomwe timaitcha seva, momwe mulinso Tomcat, yomwe imayendetsa OpenMRS, ndi MySQL, database yosungiramo mbiri yonse ya odwala. Akalaliki, anamwino ndi a ku famase amangotsegula browser n'kulemba IP ya sevayo, yomwe ndi adiresi yake pa netiweki, 8080 kumapeto.

Pa zonse zomwe zatigwetsa m'miyezi imeneyi, palibe chomwe ndingainenere pulogalamuyo. Choyambacho ndinachiputa ndekha. Mnzathu wina atasiya ntchito ndinasintha pasiwedi ya MySQL, n'kuweruka mtima uli m'malo. Kutacha odwala adzaza pabenchi, mabuku a kuchipatala ali m'manja, sisitimu osatseguka. Maola awiri ndinkangolimbana ndi mawaya. Nditatsegula log ya Tomcat, fayilo yomwe imalembamo zomwe zachitika, ndinapeza mawu akuti "Access denied for user". Kani OpenMRS imatenga dzina ndi pasiwedi yolowera mu database m'kafayilo kotchedwa openmrs-runtime.properties, ndipo m'menemo munali mukadali yakale ija. Ndinakonza, n'kuyambitsanso Tomcat, basi.

Magetsi nawo anatisautsa. Akazima n'kuyakanso, rauta, kachipangizo kolumikiza makompyuta athu, inkapatsa seva IP ina, ndiye a sisitala n'kumakuwa ali kuwodi kuti, "Achimwene, zanu zija zafanso!" Seva ili bwinobwino, kungoti makompyuta enawo akugogoda pakhomo lolakwika. Tinaipatsa IP yosasintha, tinagulanso UPS (batire yogwirizira kompyuta magetsi akazima) ndi inveta, nkhani inathera pomwepo.

Chomwe chimandiumitsa thupi mpaka lero ndi backup. Ndinakonza zoti usiku uliwonse cron, yomwe imayendetsa ntchito yokha pa nthawi yoikika, iziyendetsa mysqldump, kapulogalamu kokopera database, n'kusunga kopelo pa hard drive yapadera. Mafayilo ankabwera tsiku ndi tsiku, madeti ali m'malo mwake, ine n'kumagona tulo. M'mwezi wachisanu ndi chimodzi ndinati ndiyese kubwezeretsa limodzi pa laputopu, kungofuna kuona. Munalibe kanthu. Script ya backup nayonso inkalowa ndi pasiwedi yakale yomwe ija, ndiye kuyambira tsiku lomwe ndinaisintha inkangosiya fayilo yokhala ndi dzina koma m'kati muli mbee. Seva ikanapsa nthawi imeneyo, mbiri ya odwala a shuga ndi a BP ikanatsala m'marejisitala a pepala okha, omwe a sisitala anakaniratu kuwataya. Anachita bwino kundikanira. Tsopano Lachisanu lililonse ndimaona kukula kwa fayilo, ndipo kamodzi pamwezi ndimaibwezeretsa pa laputopu n'kufufuzamo mayina angapo.

OpenMRS anamwino anaizolowera msanga, makamaka wodwala akabwera ataiwala buku lake kumudzi: amangolemba dzina, mankhwala omwe analandira ulendo watha n'kuoneka. Chatsala n'kusamutsa seva m'kachipinda kosungiramo makatoni. Kutentha kwa Okutobala kwayandikira, ndipo fani yake yayamba kale kulira chifukwa cha fumbi.