Buku lojambuliramo la A5, la waya: nyenyezi 4 mwa 5

Ndinaligula mu shopu ina ya zolembera ku Limbe, la masamba 80, chikuto chake cholimba chakuda. Nditafika nalo kuno ku Nchalo linagona m'sutikesi miyezi itatu. Ndikati ndilitsegule, tsamba loyamba loyera mbee lija linkandibweza, mumtima ndimvekere ndingoliwononga. Manthawa ndi akale. Ndili Sitandade 5, aphunzitsi anakweza kope langa m'mwamba n'kufunsa kalasi ngati chimene ndinajambulacho chinali ng'ombe kapena galu. Anzanga anaseka mpaka misozi.

Mchemwali wanga ndiye anandimasula. Anati, "Achimwene, loyambalo lisiyeni, yambirani kumapeto." Ndinayambiradi kumbuyo, ndi mbuzi ya aneba itagona patsinde pa mtengo wa nimu.

Apa m'pamene ndinaona ubwino wa pepala lake. Lija la m'kope wamba ukafufuta kawiri labooka kale. Ili n'lochindikala: mwendo wakumbuyo wa mbuziyo ndinaufufuta kasanu, pepala lili chilili, osanyenyeka ngakhale pang'ono. Nditadziwa kuti ndikalakwitsa ndifufuta basi, dzanja linasiya kunjenjemera. Mbuziyo inatulukabe ngati nkhosa, koma ndinaseka ndekha.

Pano ndimajambula m'mawa uliwonse dzuwa lisanakwiye, chifukwa kutentha kwa kuno kuchigwa mu Okutobala mukukudziwa. Thukuta la m'manja silibowola pepalali, koma pensulo yofewa kwambiri ija ya 6B imapakika n'kudetsa tsamba lonse. Ndimaika kapepala pansi pa chikhatho, kapena kungogwiritsa ntchito pensulo yolimbirapo ya 2B. M'bukumu tsopano muli mlambe wa m'mbali mwa msewu wa ku Ngabu, akabaza akudikirira anthu pasiteji, minda ya nzimbe, ndi mlatho wa Kamuzu pa Shire, umene mpaka lero ukundikanikabe. Ana akandiona amandiunjirira, "Ankolo, ndijambuleni ine!" Kale ndikanabisa bukulo kumsana.

Nyenyezi imodziyo ndachotsera waya. Anapindika m'chikwama tili m'minibasi pokwera chitunda cha Thabwa, ndiye masamba amakodwa potsegula, mpaka ndimachita kumuwongola ndi pulayazi. Penti wosungunula ndi madzi ndinamuyesa kamodzi, tsamba linachita makwinya, choncho a penti funani lina. La pensulo ndi makala ili ndi labwino.

Kwatsala masamba 9 kuti ndifike pa loyamba lija. Mchemwali wanga walilanda kale, akuti pamenepo ndidzajambule iyeyo.