Mizinda ya pa pepala: buku la 1493 ndi la 1572

Mukatsegula Nuremberg Chronicle ya Hartmann Schedel, ya 1493 (buku la mbiri ya dziko lonse, lokhala ndi zithunzi za mizinda), mpanda ndi nsanja za mzinda wa Nuremberg zimaoneka ngati mmisiri anaima pomwepo akujambula. Koma pitani pa Damascus, kenako pa Mantua: chithunzi n'chimodzimodzi, angosintha dzina pamwamba. Ankasema pa thabwa, ndipo thabwa limodzi ankalidinda kangapo. Zimandiwawa, chifukwa owerenga akanatha kukhulupirira kuti aona Damascus ndi maso.

Civitates Orbis Terrarum (buku la mapu ndi zithunzi za mizinda) ya Georg Braun ndi Frans Hogenberg, yomwe inayamba kutuluka ku Cologne mu 1572, ndiyo ndimaidalira. Ankazokota pa mkuwa, ndiye misewu imatuluka bwinobwino, ndipo mmodzi wa ojambula ake, Joris Hoefnagel, anayendadi ku Spain kukajambula. Mulinso Mombasa, Kilwa ndi Sofala.

Komabe musaimeze yonse. Pa London, tchalitchi cha St Paul's chili ndi nsonga yake yaitali, pomwe nsongayo inapsa ndi mphezi mu 1561. Anakopera mapu akale, ndipo mzindawo anauonetsa mmene unalili zaka zoposa khumi m'mbuyomo.