Bulugamu, paini kapena mitengo yachilengedwe: ndi uti umene ungakusiyireni madzi pakasupe ku Mzuzu?

Nyengo yodzala mitengo ikamatsegulidwa pa 15 Disembala, anthu amene ali ndi malo ku Lusangazi, ku Choma, ku Dunduzu kapena m'mbali mwa msewu wa ku Ekwendeni amafika pa nazale n'kufunsa mtengo wa mbande ndi zaka zimene adzadikire kuti adule. Ndi ochepa amene amafunsa kuti mbandeyo ikadzakula idzamwa madzi ochuluka bwanji, ndiponso idzatani chaka chimene mvula idzadule msanga. Ku Mzuzu funso limeneli limaoneka ngati la anthu a kuchigwa, chifukwa kuno mvula imagwa mpaka mu Epulo, nthawi zina kulowa mu Meyi, ndipo mu Juni ndi Julayi mawawa ndi nkhungu zimanyowetsabe udzu pamene ku Karonga kuli kale fumbi. Komabe amene amatunga pachitsime chokumba pamanja ku Mchengautuwa kapena ku Chibavi amadziwa kuti pofika Okutobala chingwe cha chidebe chimafunika kulumikiza.

Madzi amene mtengo umakoka m'nthaka sukhala nawo. Pafupifupi onse amakwera m'timitsempha ta mu tsinde n'kutuluka ngati nthunzi pa timabowo ta masamba, timene timayenera kukhala totsekula kuti mtengo ulandire mpweya wopangira chakudya chake. Choncho kukula ndi kumwa madzi zimayendera limodzi, ndipo mtengo uliwonse umene wogulitsa mbande akuutama kuti umakula msanga, akuutamanso kuti umamwa kwambiri, ngakhale iye sanena choncho. Nthaka ikauma mtengo umasankha chimodzi mwa zitatu: kutseka timabowoto n'kusiya kukula, kuyoyola masamba, kapena kupitiriza kukoka mpaka mpweya utalowa m'timitsempha tija n'kudula njira ya madzi, zimene zimayamba kuonekera kunsonga, nthambi zakumwamba zikamauma zam'munsi zidakali zobiriwira. Kusiyana kwa bulugamu, paini ndi mitengo yathu ya m'tchire kwagona pa zimene uliwonse umasankha.

Bulugamu, amene kwawo ndi ku Australia, ndiye amene mbiri yake yoipa imamveka paliponse, ndipo mbali yaikulu ya mbiriyo ndi yoona. Sayoyola masamba m'chilimwe, amakula mofulumira kuposa mitengo ina yonse imene tikuiyerekeza pano, ndipo pamene dothi ndi lakuya, monga katondo wofiira wa m'madera ambiri a Mzuzu, mizu yake imatsika mamita angapo kukafika pa madzi amene mbewu ndi udzu sizingawapeze. Umboni wooneka bwino kwambiri udachokera ku South Africa, pamalo otchedwa Mokobulaan, pamene akatswiri ankayeza madzi a timitsinje toyandikana kwa zaka zambiri. M'khwawa lina limene kudali udzu wokha adadzalamo bulugamu wa mtundu wa grandis mu 1969. Madzi adayamba kuchepa moonekeratu m'chaka chachitatu, ndipo m'chaka chachisanu ndi chinayi kamtsinjeko kadaphweratu. Chimene chiyenera kumuopsa mwini kasupe ndi zimene zidachitika pambuyo pake: mitengo itadulidwa ili ndi zaka 16, padapita zaka zinanso zisanu madzi asanayambe kuyenda chaka chonse, chifukwa mvula inkayamba yadzaza kaye nthaka yakuya imene mizu idaumitsa. Nkhwangwa ya tsiku limodzi sibweza madzi amene adapita kwa zaka khumi, makamaka poti chitsa cha bulugamu chimaphukiranso pasanathe miyezi ingapo ndipo mphukirazo zimagwiritsa ntchito mizu yakale yomweyo.

Ngakhale zili choncho, sindigwirizana ndi amene amati bulugamu athetsedwe. Mzinda ukukula, anthu akumanga ku Luwinga, ku Katoto ndi ku Zolozolo, ndipo mapolo okhomera denga, ochirikizira konkire ndi nkhuni zowotchera njerwa ziyenera kuchokera kwinakwake. Bulugamu amapereka mapolo m'zaka zisanu kapena zisanu ndi ziwiri, amaphukira kangapo osagulanso mbande, ndipo tikawerengera nkhuni zimene amatulutsa pa madzi amene wamwa, sawononga kuposa mitengo ina. Kungoti amamwa m'zaka zochepa madzi amene ina ikadamwa m'zaka zambiri. Polo iliyonse yochokera m'kamunda ka bulugamu ndi mtengo umodzi umene sunadulidwe m'nkhalango yachilengedwe ya Kaning'ina. Pa chilala, mitundu yake imasiyana kwambiri. Grandis ndi saligna, amene amakonda madera a mvula yambiri ngati kuno, amafa kuyambira kunsonga akadzalidwa mothithikana pa dothi losaya, pamene camaldulensis ndi tereticornis amapirira ng'amba koma amakula mokhotakhota ndipo amagwidwa kwambiri ndi tizilombo toyamwa masamba timene tafala m'dziko muno zaka zapitazi. Chiswe nachonso chimathamangira mbande za bulugamu zimene zafooka ndi ludzu.

Paini amaoneka wofatsa, ndipo anthu a kuno amamukhulupirira chifukwa adakula akumuona ku Chikangawa. Nkhalango ya Viphya ya ku Chikangawako, ya mahekitala pafupifupi 53,000, idakulitsidwa kwambiri kuyambira mu 1964 ndi cholinga chodyetsa fakitale ya mapepala imene sidamangidwe, ndipo mtundu umene udadzalidwa kwambiri ndi patula wochokera ku mapiri a ku Mexico, wa masamba opyapyala olendewera. Koma kufatsa kwake ndi kwa zaka zoyamba zokha. Pa Mokobulaan pomwe paja, khwawa limene adadzalamo patula mu 1971 lidayamba kuchepa madzi m'chaka chachinayi, ndipo lidaphwa m'chaka cha 12. Kusiyana kwake ndi bulugamu kudali kwa zaka zitatu basi. Poopa kuchepa kwa madzi m'mitsinje, dziko la South Africa lidayamba kupereka zilolezo zodzalira nkhalango za malonda mu 1972, ndipo lamulo lawo la madzi la 1998 limawerengera nkhalango zoterezi, za paini ndi za bulugamu zomwe, ngati ntchito yochepetsa madzi m'mitsinje.

Paini ali ndi njira inanso yobera nthaka madzi imene anthu saiganizira. Masamba ake ochuluka amagwira mvula isanafike pansi, ndipo mvula ikakhala ya mawawa, monga imene imagwa kuno m'nyengo yozizira, yambiri imaumira m'mwamba momwemo. Mukafukula zinyalala za masamba pansi pa paini wothithikana mawawa atagwa usiku wonse, mumapeza pamwamba panyowa koma dothi lili gwaa. Ng'amba ikafika, paini amatseka msanga timabowo ta masamba n'kuima kukula, kotero kuti kawirikawiri saphedwa ndi ludzu lenilenilo. Chimene chimamupha ndi moto. Masamba ouma aja, utomoni wa mu tsinde ndi mphepo ya mu Seputembala ndi Okutobala zikakumana, munda umene mwausamala zaka 15 umapsa masana amodzi, ndipo patula wopsa saphukira pa chitsa ngati bulugamu. Aliyense woyenda pa msewu wa M1 kudutsa m'Chikangawa amaona mapiri amene adali nkhalango atasanduka zitsa ndi udzu, zina chifukwa cha macheka, zina chifukwa cha moto wolusa wa chaka ndi chaka. Popeza matabwa abwino amafuna zaka 20 kapena kuposerapo, wodzala paini akulonjeza kulambula njira zotchingira moto nyengo 20 zotsatizana, ndipo kuphonya imodzi yokha n'kokwanira. Patula amafunanso malo ozizira a pamwamba. Kumunsi kotentherako, monga potsikira ku Nkhata Bay, paini wa mitundu ya kesiya ndi oocarpa ndi amene amachita bwino, ndipo kutentha kukamawonjezeka malire amenewa adzakwera phiri.

Mitengo ya m'tchire lathu, monga mombo, tsamba, mtondo, muwanga ndi masuku, idazolowera kale miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi yopanda mvula yeniyeni. Yambiri imayoyola masamba m'chilimwe, ndipo pa masabata amene ili yopanda masamba imamwa pang'ono kwambiri, nthawi yomweyo imene kasupe ndi chitsime zili pa mayeso. Kenaka, mvula isanagwe, imatulutsa masamba ofiira ndi ofiirira amene amakongoletsa mapiri mu Seputembala, pogwiritsa ntchito madzi ndi chakudya zimene idasunga m'mizu. Mbande ya mombo imatha zaka zingapo ikuoneka ngati yakanika, chonsecho ikumanga muzu pansi, ndipo n'chifukwa chake imapulumuka moto ndi ng'amba zimene zikadapha paini wa msinkhu womwewo. Nthambi zake ndi zotayana, mvula imadutsa n'kufika pa udzu ndi masamba owola, ndipo madzi amalowa pansi m'malo mothamanga pamtunda. Damu la Lunyangwa, limene bungwe la Northern Region Water Board limatengako madzi a mzinda uno, limadalira nkhalango ya Kaning'ina kuti mvula ilowe m'nthaka ndi kuti dothi lisakwirire damulo.

Vuto la mitengo imeneyi ndi lodziwika: siipereka ndalama msanga. Wofuna matabwa a mlombwa kapena a mbawa akudzalira adzukulu, ndipo mbande za mombo sizipezeka kawirikawiri m'manazale. Chimene chimaipulumutsa pa mpikisanowu n'chakuti nthawi zambiri sifuna kudzalidwa. Pamalo pamene padadulidwa makala, zitsa ndi mizu zimakhala zamoyo, ndipo mukangoletsa moto ndi mbuzi, n'kupatulira mphukira kusiya ziwiri kapena zitatu pa chitsa, tchire limabwerera popanda kugula chubu ngakhale chimodzi, ndipo limabwera ndi bowa, masuku, uchi ndi nkhuni za nthambi.

Pano ndiyenera kutsutsa pang'ono chikhulupiriro chakuti katope ndi mkuyu zimaitana madzi. Mitengo imeneyi imapezeka pa akasupe chifukwa madzi adalipo kale, ndipo nayonso imamwa, popeza katope sayoyola masamba. Phindu lake n'lakuti mizu imagwira gombe, mthunzi umaziziritsa madzi, ndipo sikula mwaliwiro la bulugamu. Kusiya katope amene ali pakasupe ndi nzeru, koma kudzaza dambo lonse ndi mitengo, ya mtundu uliwonse, ndi kulakwa, chifukwa dambo la udzu limasunga ndi kutulutsa madzi ambiri kuposa dambo lomwelo litasanduka nkhalango.

Nyengo nayo yasiya kudalirika mbali zonse ziwiri. M'chaka cha El Niño cha 2015 mpaka 2016, pamene kumwera mbewu zinkapserera, Mzuzu adalandira mvula yoopsa mu Epulo imene idagwetsa nyumba zambiri, ndipo mu Malichi 2024 boma lidalengeza za ngozi ya chilala m'maboma 23 mwa 28. Mpweya ukatentha ndi digiri imodzi umatha kunyamula nthunzi yowonjezera pafupifupi 7 pa 100 aliwonse, kutanthauza kuti ngakhale mvula itagwa yofanana ndi kale, masamba adzataya madzi ambiri kuposa kale. Mtengo wosayoyola masamba ndiwo udzamve kwambiri kusinthaku, ndipo mvula yamphamvu yogwa nthawi yochepa idzafuna nthaka yophimbika bwino, imene pansi pa bulugamu wothithikana kawirikawiri sipakhala.

Ndikadakhala ndi maekala awiri otsetsereka okhala ndi kasupe kumunsi, ndikadaugawa motere. Kumunsi, kuzungulira kasupe ndi m'mbali mwa khwawa, ndikadasiya udzu, katope ndi chilichonse chophukira chokha, osadzalapo mtengo wachilendo ngakhale umodzi. Pakati ndikadasamala zitsa za mombo ndi masuku zimene zilipo. Bulugamu ndikadamuika pamwamba penipeni, pakona yakutali ndi kasupe, ndi chitsime cha mnansi komanso ndi munda wa chimanga, kagawo kochepa kokwanira mapolo ndi nkhuni za pakhomo, motayanitsa ndipo ndikumapatulira mphukira ndikadula. Paini ndikadamudzala pokhapokha malowo ali aakulu, ozizira, ndipo pali munthu wokhala pomwepo amene angathamange ndi nthambi zaziwisi utsi ukaoneka mu Okutobala. Kwa amene ali ndi puloti ya m'tauni yokhala ndi chitsime kuseri kwa nyumba, bulugamu ndi paini onse awiri sayenera kulowa pa geti. Mapeyala awiri ndi mtengo wa masuku ngati ulipo kale ndi zokwanira.